Kodi injini yogona imadzidya yokha? Ndikufuna kuika ya chigayo m'boti

Wachigayo_Malindi

Moni akuluakulu nonse. Pepani ndilemba motalika, nkhaniyi yandikhala pakhosi sabata yonse.

Ndili ndi injini ya dizilo, zija za ku China za silinda imodzi yogona, ZS1115, yokhala ndi thanki ya madzi pamsana imene imawira ngati mphika wa nyemba. Yagaya chimanga kuno ku Malindi zaka 6. Chaka chatha ndinakokera magetsi kuchigayo n'kuika mota, ndiye injiniyo ili pakona, ndinaifunditsa lona, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Mbali inayi ndili ndi boti lamatabwa la mamita 9 lonyamula usipa wouma ndi matumba a chimanga pakati pa kuno ndi Makanjira. Limayendera Yamaha Enduro ya 40, ndipo mukudziwa nokha mmene 2-stroke imapapirira petulo, osaiwala oyilo wosakaniza uja. Phindu lonse likuthera m'zigubu, ndipo tsiku limene petulo wasowa pa boma boti limangogona pamchenga. Maganizo anga ndi oti dizilo ija ilowe m'botimo.

Lolemba ndinaitana makaniko wina kuti aione kaye. Anamasula hedi, anasolola pisitoni, n'kundiuza kuti ndipise dzanja m'silivi, paipi imene pisitoni imayendamo. Kumunsi kwasalala ngati galasi, ndipo chakumapeto kuli kamzere kotumphuka koti chikhadabo chimakodwa. Kumwamba timizere ta kufakitale tikuonekabe pang'ono. Iye akuti, "Bwana, injini yogona mathero ake ndi amenewa. Pisitoni imakwawa ndi mimba ngati ng'azi, kulemera kwake konse kumakhula pansi. Mphamvu imathera pomwepo, dizilo n'kumangopita. Gulitsani iyi mugule yoimirira ngati ma Lister akale aja." Ndinamupatsa yake ya ulendo, koma mtima sunakhazikike, chifukwa asanakwere njinga anandinong'oneza kuti akudziwa munthu amene angaigule.

Chachiwiri, mmisiri amene anakhoma botili akuti shafti ya pulopela imayenera kutsetsereka polowa m'madzi, ndiye injini nayo ikhale yopendekera kumbuyo madigiri ngati 10 kuti ziwirizi zilunjikane.

Ndiye ndikufunsa inu odziwa. Kodi n'zoona kuti injini yogona imataya mphamvu yambiri pokhulana m'kati kuposa yoimirira? Nanga ndikaipendeketsa mmene akunenera mmisiriyu, sindiipha? Sindikufuna kudzazimitsidwa pakati pa nyanja mwera utayamba, ndili ndi katundu wa eni.

Kabaza_Namwera

Madala, musagulitse, ameneyo akufuna kukudyerani masuku pamutu. Njinga yanga yoyamba inali ka 110 kaja ka silinda yoloza kutayala lakutsogolo, yogona ndithu. Ndakwera nayo phiri la ku Namwera zaka zitatu, tsiku lililonse, nthawi zina anthu awiri kumbuyo ndi thumba la feteleza pa thanki. Mafuta inkangonunkhiza. Pano ndili ndi 150 yoimirira ndipo ndi imene imandiimitsa pa filling station kawirikawiri. Sindikunena kuti chifukwa ndi kuimirirako, iyi ndi yaikulu basi, koma kugona kukanakhala kuti kumadya injini, ka 110 kaja sikakanafika chaka. Kanafa chifukwa mlamu wanga anakayendetsa opanda oyilo, osati chifukwa chogona. Za m'boti sindidziwa, ine madzi ndimawaonera pa mlatho.

Mphunzitsi_Sayansi

A Wachigayo, zimene chala chanu chamva m'silivimo n'zoona, koma chifukwa chimene mwapatsidwa sindicho. Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a sitandade 8.

Nambala 115 ili pa dzina la injini yanuyo ndi kukula kwa bowo la silinda, mamilimita 115. Nkhope ya pisitoni yotero ndi masikweya sentimita pafupifupi 104. Dizilo akayaka injini ikukoka katundu, mpweya wa m'katimo umakankha ndi mphamvu yofika makilogalamu 60 kapena 70 pa sikweya sentimita iliyonse. Mukachulukitsa mupeza matani 6 mpaka 7, lole yodzaza chimanga itatsamira pa kachitsulo kokula ngati kambale ka ndiwo.

Tsono konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafti yozungulira ija yotchedwa crank, sikhala yowongoka. Crank ikangodutsa pamutu konirodi imapendeka, ndipo gawo lina la matani aja m'malo mopita ku crank limakankhira pisitoni kukhoma la silivi. Titangotenga 5 pa 100 iliyonse, ndi makilogalamu oposa 300 akukanikizira mbali imodzi. Nanga pisitoniyo payokha imalemera bwanji? Ikwezeni pa sikelo pamodzi ndi pini yake, muona kuti ili cha m'ma kilogalamu 2. Makaniko wanuyo waona munthu atasenza thumba la chimanga, n'kunena kuti chikumupweteka khosi ndi chipewa.

Palinso china. Injini yanu ikamazungulira maulendo 2,200 pa mphindi, pisitoni imaima n'kubwerera koposa ka 70 pa sekondi imodzi. Pobwerera kumutu kuja, mphamvu yoitembenuza imaposa kulemera kwake pafupifupi ka 400. Mphamvu yokokera zinthu pansi ija, imene timaphunzitsa ana ndi mango ogwa mumtengo, ilibe mawu pamenepa. Maring'i nawo sadziwa kumwamba kapena pansi. Amadzitambasula okha ngati sipuling'i, mpweya n'kulowa kuseri kwawo kuwakanikizira kukhoma mbali zonse mozungulira. Pisitoni ndi maring'i akewo ndi amene amatenga pafupifupi theka la kukhulana konse kwa m'injini, zotsalazo n'kugawana mabering'i, mavalavu ndi mapampu, ndipo zimenezi n'chimodzimodzi kaya silinda yagona, yaima kapena yapendeka.

Nanga bwanji silivi yadyeka mbali imodzi? Injini iliyonse imatero. Mbali imene konirodi imakankhira pa nthawi ya moto ndi imene imatha msanga. Pa injini yoimirira mbaliyo imakhala kumanzere kapena kumanja, pa yogona imakhala pansi kapena pamwamba, kutengera kumene crank ikuzungulirira. Mukamasula Lister yakale ija mupeza nayonso silinda yake yasanduka ngati dzira, kungoti palibe amene amainamizira kukwawa. Makampani amene amalimbana ndi dontho lililonse la mafuta amalimbana ndi kupendeka kwa konirodiku. Ma Sienta ndi ma Probox ambiri amene akutinyamula m'misewu muno ali ndi injini ya Toyota yotchedwa 1NZ, ndipo crank yake anaisuntha dala mamilimita 12 kuchoka pakati pa silinda, kuti pa nthawi ya moto konirodi ikhale yowongokako. Za kugona sanade nazo nkhawa: BMW yakhala ikupanga njinga za masilinda ogona kuyambira 1923, Subaru ikupangabe magalimoto otero, ndipo VW Beetle, ya masilinda anayi ogona, anaipanga yoposa 21 miliyoni mpaka 2003.

Pamodzi pokha ndingamuvomereze makanikoyo: injini ikagona masiku osalira, oyilo amatsika, pisitoni n'kukhala pansi pa silivi pouma. Poliza, masekondi oyambawo chitsulo chimakhudza chitsulo. Koma zimenezi sizingakumbe mzere wokola chikhadabo. Chimene chimakumba chotero m'chigayo ndi fumbi. Tandiuzani, air cleaner yake, chosefera mpweya chija, munaitsegula liti komaliza?

Mdala_MonkeyBay

Aphunzitsi anena bwino, masamu awowo ine sindingawathe, ndinalekezera panjira. Koma ndakalambira m'mainjini a m'madzi kuno ku Monkey Bay, ndiye ndiyankhe funso lachiwirilo, chifukwa ndi limene lingakuzimitseni pakati pa nyanja.

Pisitoni sisamala za kumwamba ndi pansi, zoona. Amene amasamala ndi oyilo. Oyilo ndi madzi, amatsata kotsika. Injini iliyonse anaipangira kakhalidwe kake, ndipo sampu (mosungira oyilo pansi pa injini), pampu ndi kachitsulo koyezera oyilo anaziika motsata kakhalidwe kameneko. Enduro yanu yomweyo tayiyang'anani: crank yaima chilili, mapisitoni agona, ndipo imagwira ntchito bwinobwino chifukwa anaipanga choncho. Estima yakale ija injini yake anaigoneka madigiri 75 pansi pa mipando, koma anaipangira sampu yakeyake. Vuto limabwera pamene inu mwatenga injini yoti izikhala pa levulo, pa simenti ya chigayo, n'kuikhazika mopendeka moyo wake wonse.

Mukaipendeketsa, oyilo amathawira mbali imodzi. M'mimba mwa injini yanuyo muli crank, mulinso mashafti awiri a balansi, ina m'mwamba ina m'munsi. Anazipanga kuti zizizungulira pamwamba pa oyilo. Oyilo akakwera mbali imodzi, zitsulozo zimayamba kusambira. Kathamangeni pamchenga, kenaka mukathamange m'madzi ofika m'mawondo, mudzandiuze kumene mwatopa. Kukhulana kumene mukukuopa kuli pamenepo, bambo, osati pamimba pa pisitoni. Dizilo wanu azithera kupukusa oyilo, oyiloyo n'kutentha, kupyapyala, kuchita thovu ngati thobwa losasa. Thovu silinyamula bering'i. Pampu ikayamba kuyamwa mpweya, kachizindikiro kofiira kaja ka pa chivundikiro cha mavalavu kamayamba kuvina, kukwera kutsika. Mukaona kavina, zimitsani.

Ndiye pali msampha umene ndaona ukukola anthu ambiri. Injini ikapendeka, kachitsulo koyezera kamanama. Mnyamata wa m'boti amasolola, waona oyilo ali pansi pa mzere, wathira lita ina. Apo ndiye mwawonjezera madzi m'mawondo muja. Kapena kamanama mbali inayo, kakuonetsa kuti wadzaza pamene pakamwa pa pampu pali pouma.

Madigiri 10 paokha boti lili phee padoko mwina injini ingapirire. Koma boti likanyamuka mphuno imadzuka, mwaonjezera ena. Mwalongedza matumba kumbuyo, ena. Funde la mwera lakunyamulani, ena. Muziwerengera tsiku loipa, osati la bata.

Kumbukiraninso kuti crank ikaloza kutsogolo ndi kumbuyo kwa boti, silinda yanu igona chopingasa. Boti likapendekera mbali ya hedi kwa nthawi yaitali, tinene kuti anyamata aunjika matumba mbali imeneyo, oyilo amatsikira m'silinda kuseri kwa pisitoni. Maring'i otha ngati anuwo sangamuletse. Poyamba utsi wabuluu. Zikanyanya, injini ya dizilo imayamba kumwa oyilo wake womwe ngati mafuta, imathamanga yokha, mukatseka dizilo siizima. Ndinaionapo kamodzi ndili mnyamata, ndipo anthu awiri anadumphira m'madzi. Yotero mumaizimitsa poitseka mpweya ndi kathabwa kapena nsanza yokhuthala, osati ndi dzanja. Ndiye pokhazika, mbali ya hedi ikwereko pang'ono, isatsike.

Langizo langa: injini ikhale pa levulo boti litanyamula katundu wake wa masiku onse, osati lili lopanda kanthu pamchenga. Kutsetsereka kwa shafti mukuthetse ndi propshaft ya galimoto ya makolosi awiri (mfundo zimene zimalola shafti kuzungulira itapendeka), ya Hilux yakale imakwana, ndipo makolosi awiriwo apendeke mofanana, apo ayi shafti izigwedeza boti lonse. Makolosi amadyako mphamvu pang'ono, koma n'zochepa poyerekeza ndi crank yosambira.

Ndipo ichi musachiiwale, mmisiri wamatabwa sangakuuzeni. Pulopela imakankha boti kudzera m'shafti. Mukalumikiza shaftiyo molunjika ku crank, mphamvu yonse yokankha boti la mamita 9 ithera pa mabering'i a crank amene sanapangidwire kukankhidwa cham'litali. Ikani thrust bearing, bering'i yolandira kukankha kwa shafti, pa mtanda wolimba wa boti, kuti kukankhako kuthere m'matabwa. Liwiro la 2,200 ndi lalikulu kwa pulopela ya boti lonyamula katundu, mufunika kulitsitsa ndi mapule ndi malamba, kapena giyabokosi. Malambawo osamanga ngati ng'oma. Lamba wothina kwambiri amakokera crank mbali imodzi, bering'i n'kumatentha, ndipo m'zigayo zambiri mphamvu imathera pamenepo eni ake osadziwa.

Air cleaner ya injini zimenezi imakhala ndi oyilo m'kambale kake, nayo imafuna kuima mowongoka. Thanki yowira ija m'mafunde izikhavukira anthu madzi otentha, muipangire chivundikiro cha paipi yotulutsa nthunzi. Ngati muzinyamulanso anthu, a Marine, a boma oona za maboti, alione botilo lisanayambe ulendo.

MayiUsipa_Msaka

Achimwene, ine si makaniko, koma maboti ndili nawo awiri ndipo ndalama ya injini imatuluka m'chitenje changa, ndiye ndilankhuleko.

Zoti oyilo amatsata kotsika ndinaziphunzira ndi misozi. Nditatopa ndi petulo ngati inuyo, ndinagula 4-stroke. Inagwira bwino miyezi ingapo, mafuta theka. Tsiku lina anyamata anaikweza pa lole kupita nayo ku sevisi, anaigoneka mmene amagonekera Enduro, mbali iliyonse imene yawakomera, pamwamba pa matumba a usipa. Pofika, chingwe cholizira sichikukoka, gwa ngati mwala. Ine mtima unachoka, ndimati injini yafa. Makaniko anangomasula mapulagi, kukoka chingwe, oyilo n'kuthovoka m'mabowomo mpaka pa malaya ake. Oyilo yense wa m'sampu anali atalowa m'masilinda. Akuti anyamatawo akanakakamiza kuliza, konirodi ikanapindika. Buku lake limanena mbali yoigonekera, koma ndani anawerenga? Pano ndinapaka penti yofiira mbali yoyang'ana kumwamba. Enduro ilibe sampu, ndiye siisamala mbali, bola mutu ukhale pamwamba kuposa pulopela kuti madzi asabwerere m'kati.

Mchemwali wanga ali ndi kapampu kothirira dimba, ka Honda GX160, m'mbali mwa Shire. Ankakakhazika pa chitunda chotsetsereka, kakangolira pang'ono n'kuzima, iye n'kumati anamugulitsa chakufa. Kali ndi kachida kozimitsa injini oyilo akachepa, ndipo opanga ake amati kasapendeke kuposa madigiri 20. Anakumba pang'ono, kuika thabwa, nkhani inatha.

Koma ine funso langa ndi lina, ndipo a Mdala andikhululukire. Kuno kwathu doko ndi mchenga. Enduro timaidzutsa mwendo, boti n'kukwera pamtunda. Shafti yotulukira pansi muidzutsa bwanji? Ukonde wa eni ukakulungana pa pulopela usiku, adzamira ndani kukadula? Ndiponso Enduro madzulo mnyamata amaisenza kukagona nayo m'nyumba. Dizilo wanuyo azigona kunyanja yekha, ndipo anthu a masiku ano pampu ya dizilo amaimasula ngati akusenda nthochi. Mafuta mupulumutsa ndithu, sindikukana. Koma Enduro musagulitse, muziyenda nayo m'boti ngati mlendo.

Wachigayo_Malindi

Zikomo nonse, mwandichotsa chimfine.

Aphunzitsi, ndinapita nayo pisitoni ija kwa wogulitsa nyama pamsika, tinaikweza pa sikelo yake anthu akuseka. Pamodzi ndi pini sinafike n'komwe makilogalamu 2. Kenaka ndinatsegula air cleaner. Ndichite manyazi pagulu: m'kambale muja munalibe oyilo, munali phala louma la gaga ndi fumbi, lolimba loti ndinachita kugoba ndi sikuludiraiva. Ndikayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinatsegulamo, ndikupeza chaka chimene mwana wanga wachiwiri anabadwa, ndipo pano ali sitandade 1. Ndinkasiyira mnyamata wanga amene ankagayitsa, iye n'kumaganiza kuti ndimaona ine. Paipi yochokera pamenepo kupita ku hedi m'kati mwake mukuchita kuyera ufa.

Ndiye silivi, pisitoni ndi maring'i ndigula zatsopano, zimapezeka ku Limbe. Mmisiri uja ndamuuza za levulo ndi makolosi. Poyamba anakana, akuti iye wakhoma maboti ambiri, koma nditamufunsa kuti mphamvu ya pulopela ithera pati anakhala chete, kenaka anati mtanda wa thrust bearing aupanga wa mlombwa. Tagwirizana kuti tidzalowetse boti m'madzi, tikweze matumba 30 a mchenga, ndiye tidzaike levulo pa mitanda ya injini tisanaboole chilichonse.

Mayi a ku Msaka, za mchenga mwandilasa pamtima, sindinaziganize. Mmisiri akuti aika chitsulo pansi pa pulopela choti chizikhudza mchenga choyamba. Enduro ikhala, mayi a kunyumba anakana kale kuti igulitsidwe.

A Mdala, Loweruka ndikubwera ku Monkey Bay kudzafuna propshaft. Ndijambula mimba ya boti ndi injini pa foni kuti mudzaone pamene ndikufuna kuika bering'i ija. Shafti ya pulopela imene ndapeza ndi ya mamilimita 40. Ikwana, kapena ndifune yokulirapo?